Mabuku a Nthano Zoopsa a ku Japan

Mzinda wa Bindura uli m'cigwa ca mtsinje wa Mazowe, pa mtunda wa makilomita 88 kumpoto cakum'mawa kwa Harare. Poyamba malowo anali kuchedwa Kimberley Reefs, potengera dzina la mgodi wa golidi umene unatsegulidwa mu 1901, ndipo dzina la Bindura linakhazikika mu 1913 pamene njanji inafika. Kuyambira masiku amenewo migodi ya m'deralo, pamodzi ndi wa ku Shamva ndi minda ikuluikulu ya m'cigwa, inakoka amuna ambiri a ku Nyasaland, a ku Fort Jameson ndi a ku Tete. Ena anadza pansi naoloka Zambezi, ena anakwera magalimoto a Ulere, ndipo ena analembedwa ndi Mthandizi. Ambiri a iwo sanabwerere kwao, nasanduka machona, ndipo adzukulu ao ali komweko kufikira lero.

Anthu a pa mgodi sasowa wowaphunzitsa mantha. Mwamuna wolowa m'cikepe m'mamawa adziwa kuti thanthwe lidzakhala pamwamba pa mutu wace tsiku lonse, ndipo mkazi wotsala pa komponi sakhazika mtima pansi kufikira atamva mapazi ace pa khomo. Akulu akumbukira tsoka la pa mgodi wa malasha wa Wankie pa 6 June 1972, pamene anthu 427 anafa, ena mwa iwo Amalawi. Ndipo mu November 2020 mgodi wakale wa Ran, pa Bindura pomwepo, unagumukira makorokoza amene anali kufuna golidi. Kumene kuli zoopsa zotere nkhani za mizukwa ndi ziwanda sizisowa.

Tsono masiku ano kwafika nthano zoopsa za mtundu wina. Zimenezi zicokera ku Japan, ndipo zisimbidwa ndi zithunzi zojambula pa manja. Zambiri zamasuliridwa m'Cingerezi, kotero kuti mnyamata wa ku Chipadze kapena mtsikana wa ku Trojan akhoza kuziona pa foni yace. Kholo losuzumira pa foniyo liona nkhope zopotoka ndi matupi osweka, ndipo liyenera kufunsa kuti zimenezi nzotani, ndi kuti kodi sizidzaononga mwana. Kuti funsolo liyankhidwe bwino, pafunika kudziwa kumene mabukuwa anacokera, umo apangidwira, ndi mantha amene munthu ayenera kuwaopa koposa.

Manga nciani?

Ajapani achula mabuku ao a nkhani za zithunzi kuti manga. Tsamba liri lonse ligawidwa m'timabokosi, ndipo m'kabokosi kali konse muli cithunzi ndi mau ocepa a anthu olankhula. Ambiri a mabukuwa alibe mitundu. Asindikizidwa ndi inki yakuda pa pepala loyera. Awerengedwa kuyambira ku dzanja lamanja kunka ku lamanzere, kotero kuti kumene mwana wa sukulu ayesa kumapeto kwa buku ndiko kuciyambi. Ku Japan manga sali a ana okha ai. Alipo a anyamata, a atsikana, a amuna ndi a akazi, ndipo anena za masewera, za cikondi, za nkhondo ndi za kuphika komwe.

Nkhani imayamba kuturuka m'magazini a sabata kapena a mwezi. Pambuyo pace osindikiza asonkhanitsa nkhani za mlembi mmodzi naziika m'buku limodzi. Nthano zoopsa zambiri nzazifupi, za masamba ngati 30, ndipo buku limodzi likhala nazo 8 kapena 10, iri yonse ndi anthu ace ndi mathero ace. Kakonzedwe kameneka ka nthano zazifupi zotsatana nkakale kuposa manga amene, pakuti kanayamba anthu asanaganize zozijambula.

Nyali zokwana 100

M'nyengo imene Ajapani aichula Edo, kuyambira 1603 kufikira 1868, kunali masewera ochedwa hyakumonogatari, ndiko kuti nthano 100. Anthu anali kusonkhana usiku nayatsa nyali 100. Munthu akatha kusimba nthano yace yoopsa anali kuzima nyali imodzi, wina nayamba yace. Potero nyumba inali kuderadera pamene nthano zinali kucuruka, ndipo mantha anali kukula pamodzi ndi mdima. Panali cikhulupiriro cakuti nyali yotsiriza ikazima cinthu cosaoneka cidzafika pakati pao. Cifukwa cace ambiri anali kulekeza pa nthano ya 99, nakhala ndi nyali imodzi kufikira kuca. Nthawi yoyenera nthano zotere inali ya mafundi, imenenso Ajapani acita mwambo wa Obon wolandira mizimu ya makolo ao, ndipo amati tsemwe la mantha liziziritsa thupi.

Osindikiza mabuku anaona kuti anthu akonda masewerawa, nayamba kulemba nthanozo. Buku lochedwa Shokoku Hyakumonogatari linaturuka mu 1677 liri ndi nthano 100 za m'zigawo zosiyanasiyana. Mu 1776 Ueda Akinari anaturutsa Ugetsu Monogatari, la nthano 9, ndipo m'caka comweco Toriyama Sekien anayamba kusindikiza mabuku a zithunzi za zirombo zimene Ajapani azichula yokai. Azungu anadziwa nthanozi makamaka mwa buku la Kwaidan la Lafcadio Hearn, la mu 1904, ndipo zambiri za m'menemo anamsimbira ndi mkazi wace, Koizumi Setsu. Tero pamene manga anafika, anapeza anthu ozolowera kale kumva nthano zoopsa imodziimodzi, ndi kudziwa polekeza.

Kucokera pa njinga kufika m'buku

Ca m'ma 1930 m'miseu ya ku Tokyo munali kuyenda amuna a njinga onyamula bokosi la matabwa. Munthu wotere anali kuomba timitengo tiwiri kuitana ana, nawagulitsa maswiti, ndipo pambuyo pace anali kusimba nthano akusolola zithunzi m'bokosimo cimodzicimodzi. Nchito imeneyi inali kuchedwa kamishibai. Inakula kwambiri nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, pamene amuna ambiri analibe nchito, koma inazirala wailesi ya kanema itayamba mu 1953. Ojambula zithunzizo anasamukira ku mabuku obwereketsa. Pa nthawiyo anthu osauka sanali kugula mabuku. Anali kubwereka pa kasitolo ndi ndalama yocepa, ndipo nthano zoopsa zinali kuyenda malonda m'masitolo amenewo.

Mmodzi wa ojambula amene anayenda njira imeneyi ndiye Mizuki Shigeru, amene anabadwa mu 1922 namwalira mu 2015. Ali mwana ku Sakaiminato, nkhalamba ina yaikazi yothandiza nchito pa nyumba pao inali kumsimbira za yokai: zimene zikhala m'denga, m'madzi ndi m'njira za usiku. Atakula anatumizidwa ku nkhondo pa cisumbu ca New Britain, kumene anataya mkono wamanzere ndi anzace ambiri. Atabwerera anajambula ndi dzanja limodzi, poyamba za kamishibai, ndipo mu 1960 anayamba mabuku a Kitaro, mwana wobadwira ku manda. Zirombo za nkhalamba ija anaziika pa pepala, ndipo lero mu mseu wina wa ku Sakaiminato muli zifanizo zao zamkuwa zoposa 170.

Wina ndiye Umezu Kazuo, wa 1936 kufikira 2024. Iye anacotsa coopsa ku manda nacilowetsa m'nyumba. Mu 1965 analemba m'magazini ya atsikana nthano ya mwana amene azindikira kuti mai wobwera kucokera ku cipatala sali mai wace, koma mkazi wosanduka njoka. Ncodabwitsa kwa ambiri kumva kuti nthano zoopsa za ku Japan zinakulira m'magazini a atsikana, koma ndimo zinaliri, ndipo atsikana ndiwo anali owerenga ace okhulupirika kwa zaka zambiri.

Wodziwika koposa kunja kwa Japan lero ndiye Ito Junji, wobadwa mu 1963 m'cigawo ca Gifu. Ali mwana anawerenga mabuku a Umezu a alongo ace. Anayamba wagwira nchito yopanga mano oikirira, ndipo mu 1987 nthano yace ya Tomie, ya mtsikana amene aphedwa nabweranso kosaleka, inaturuka m'magazini ya atsikana ya Monthly Halloween. Analembanso nkhani zazitali, monga Uzumaki ya mu 1998 ndi 1999, koma mbiri yace yagona pa nthano zazifupi. Mabuku ozisonkhanitsa aturuka m'Cingerezi motsatana: Fragments of Horror mu 2015, Shiver mu 2017, Smashed mu 2019, ndi ena. Mu 2023 a Netflix anaonetsa zina mwa nthanozi ngati kanema wa zithunzi zoyenda.

Umo buku liopsezera

Wojambula manga alibe ng'oma, alibe liu, ndipo sangathe kuzima nyali. Cida cace ndi tsamba. Masamba oyamba aonetsa zinthu za masiku onse: mwana ali kunka ku sukulu, dokotala ali kuona wodwala, banja liri kudya. Kenaka cinthu cimodzi cacing'ono cipotoka, ndipo wojambula acibwereza kawiri katatu, nthawi iri yonse cikukulirako. Pa kabokosi kotsiriza ka tsamba aika munthu wotong'ola maso, ali kuyang'ana cinthu cimene wowerenga sanacione. Cinthuco ciri kuseri kwa tsamba, cojambulidwa cacikuru ndi timizere tambirimbiri ta inki. Tsono wowerenga mwini ndiye atembenuza tsambalo ndi dzanja lace. Akhoza kucedwa, akhoza kufulumira, akhozanso kutseka buku. M'kanema coopsa cidza pa nthawi imene wopanga anaikonza, koma m'buku munthu adziitanira yekha.

Mwa nthano zonse za Ito, imene anthu a pa mgodi angaimve msanga ndi ya phiri la Amigara, yosindikizidwa kumapeto kwa buku la Gyo mu 2002. Cibvomezi cing'amba phiri, ndipo pa thanthwe paoneka mauna ambirimbiri, liri lonse looneka ngati thupi la munthu woimirira. Anthu amene aona zimenezi pa wailesi ya kanema adza kucokera kutali, pakuti yense waona una limene limyenera iye yekha. Adziwa kuti wolowa sabwerera, ndipo anjenjemera, koma mmodzimmodzi abvula zobvala nalowa. Patapita miyezi, anthu apeza mauna ena kuseri kwa phiri, opotoka ndi otalika, ndipo m'kati muli cinthu cimene ciri kudza. Nthano ithera pomwepo.

Munthu amene anaonapo anyamata ali kutsikira m'mgodi wosiyidwa, akudziwa kuti mizati yace inagumulidwa kale, sadzafunsa tanthauzo la nthanoyi. Koma pali cinthu cina cimene womvera ayenera kucisunga. M'nthano imeneyi mulibe mfiti. Palibe mnansi amene anakumba maunawo, palibe mlendo amene analodza anthu, ndipo palibe woti agwidwe. Nthano zambiri za Ito ziri zotero: coopsa cifika popanda cifukwa codziwika, ndipo mlembi sapereka munthu woti wowerenga amude. Mantha abadwira m'buku nathera m'buku.

Mpanda wa nthano

Makolo a Acewa anadziwa kuti nkhani yoopsa ifunika mpanda. Nthano sizinali kusimbidwa usana, koma madzulo, nchito itatha, ana ali pamodzi ndi agogo ao pa moto. Wosimba akati "Padangokhala," omvera ayankha "Tiri tonse," ndipo yankho limenelo libwerezedwa kufikira kumapeto, kotero kuti mwana wamantha amva mau a anzace pambali pace ngakhale pamene cirombo ciri kumeza mudzi wonse. Anansi ao Acishona a ku Bindura acita cimodzimodzi: sarungano ayamba ndi "Paivapo," ana nayankha "Dzepfunde." Mau oyamba atsegula cipata, ndipo mau otsiriza acitseka. Ali yense adziwa kuti za m'katimo ndi nthano.

Gule Wamkuru, amene machona anapita naye ku migodi ndi ku minda ya ku Zimbabwe, ali ndi mpanda wace nayenso. Acishona achula zirombo zace kuti zvigure, ndipo ana athawa zikaturukira. Koma gule ali ndi bwalo lace, ng'oma zace ndi nthawi yace, monga pa maliro ndi pa cinamwali, ndipo ng'oma zikaleka zirombo zibwerera ku dambwe. Bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 ngati cuma ca anthu onse. Nyali 100 za Ajapani, cikuto ca buku, moto wa agogo ndi bwalo la gule zigwira nchito imodzi: zipatsa mantha malo ndi nthawi, kuti munthu awalawe, awazolowere, ndi kubwerako wamoyo.

Nkhani yopanda mpanda

Pali nkhani yoopsa ya mtundu wina, imene iribe ciyambi ndi mathero, ndiyo mphekesera. Wosimba sanena kuti "Padangokhala". Anena kuti zacitika dzulo, pa mudzi wapafupi, ndi kuti wamva kwa munthu amene anaona. Ndipo mphekesera siikhala nthawi yaitali isanaloze cala munthu wamoyo.

Ajapani aidziwa bwino. Pa 1 September 1923 cibvomezi cacikuru cinagwetsa Tokyo ndi Yokohama, ndipo anthu oposa 100,000 anafa, ambiri ndi moto. M'masiku otsatira kunamveka kuti anthu a ku Korea, amene ambiri a iwo anadza ku Japan kudzagwira nchito za manja, ali kuthira mankhwala akupha m'zitsime ndi kutentha nyumba. Linali bodza. Koma magulu a anthu anatseka miseu, naimitsa odutsa, nawayesa kalankhulidwe, ndipo Akoreya zikwi anaphedwa. Mu 1979 kunabukanso mphekesera ina, yoyambira ku Gifu kwao kwa Ito, ya mkazi wong'ambika pakamwa amene aimitsa ana m'njira. Imeneyi siinaphetse anthu, koma m'madera ena apolisi anacurukitsa ulonda, ndipo ana a sukulu anali kuperekezedwa m'magulu. Mkazi yemweyo lero ali m'mabuku ndi m'makanema, ndipo m'menemo sabvuta munthu.

Maiko a kuno adziwa zofanana nazo. Ku Northern Rhodesia kunali mbiri ya banyama, anthu amene amati agwira anzao ndi kuwacotsa mwazi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pamene mitima inali m'mwamba cifukwa ca citaganya ca maiko atatu, mbiriyo inagwera ngakhale oulutsa mau a pa wailesi ya ku Lusaka, monga Peter Fraenkel anasimbira m'buku lace la Wayaleshi la mu 1959. Ku Malawi, mu September ndi October 2017, mphekesera ya anamapopa inayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe nifika mpaka ku Blantyre. Anthu osacepera 9 anaphedwa ndi magulu a anzao, ndipo bungwe la United Nations linayamba lacotsa anchito ace m'maboma awiri aja. Wopopa mwazi sanapezeke ndi mmodzi yemwe, koma maliro analiridwa.

Pa zocitika zonsezi cala cinaloza mlendo, wodwala, kapena munthu woyenda yekha kumene sadziwika. Ana a machona ayenera kulingalira zimenezi koposa ena, pakuti iwo akhala nthawi yaitali akuchedwa Mabhurandaya, ndiko kuti anthu a ku Blantyre, ndipo mbiri yakuti Amalawi ali ndi mankhwala oopsa yawatsata m'makomponi ndi m'minda. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri a iwo opanda dziko, kufikira malamulo akuru a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo ao anacokera ku maiko oyandikana. Munthu amene anansi ace amuyesa mlendo ndiye woyamba kugwa tsiku limene mphekesera ifuna mwini. Ndipo foni imene ibweretsa mabuku a ku Japan ndi yomweyonso imene iyendetsa mphekesera lero, mofulumira kuposa umo mapazi anali kuiyendetsera kale.

Cimene kholo lingacite

Sikuti mabuku onsewa ayenera mwana ali yense ai. Ambiri a Ito ndi a anzace aonetsa mwazi, mitembo ndi kudzipha, ndipo osindikiza a m'Cingerezi alemba pa cikuto ca kumbuyo msinkhu woyenera, umene kawirikawiri uli wa zaka 16 ndi kupitirira. Kholo licita bwino kuyang'ana cizindikiro cimeneco, ndi kumletsa mwana wamng'ono amene sanathe kusiyanitsa cithunzi ndi coona. Agogo nao sanali kusimba nthano iri yonse kwa mwana ali yense.

Koma kuletsa konse sikunathandize kumene kunayesedwa. Mu 1955 magulu a makolo ndi aphunzitsi ku Japan anayamba nkhondo yothamangitsa mabuku amene anawayesa oipa, ndipo m'malo ena manga anatenthedwa pa mabwalo a sukulu. Manga sanathe, ndipo ana amene anawawerenga anakula nakhala anthu wamba, alimi, aphunzitsi ndi anamwino. Cothandiza koposa ndi cimene makolo akale anali kucita, ndiko kukhala pamodzi ndi mwana pa nthawi ya nthano. Kholo limfunse kuti asimbe cimene wawerenga, ndi kuti anene cimene camuopsa. Limphunzitsenso mafunso awiri oyesera nkhani iri yonse yoopsa yofika pa foni: kodi yanena poyera kuti ndi nthano, ndipo kodi iri kuloza munthu wamoyo? Nkhani ya phiri la Amigara ingamlande tulo usiku umodzi. Uthenga wonena kuti mlendo wakuti waoneka pafupi ndi citsime ungaphetse munthu dzuwa lisanalowe.

Nthano za pa mgodi zimene sizinalembedwe

Ku Japan kunali munthu wa pa mgodi dzina lace Yamamoto Sakubei, wobadwa mu 1892. Anagwira nchito m'migodi ya malasha ya ku Chikuho zaka ngati 50, kuyambira ali mwana. Ataona kuti migodi iri kutsekedwa ndi kuti adzukulu ace sadzadziwa umo makolo ao anakhalira, anayamba kujambula ali ndi zaka zoposa 60, ngakhale sanaphunzire za zojambula ku sukulu. Anajambula amuna ndi akazi ali kukumba ndi kukoka malasha, ngozi za madzi ndi za moto, zoletsa za pansi pa nthaka, ndi nkhani za nkhandwe zosanduka anthu zimene anchito anali kusimbirana. Pa cithunzi ciri conse analembapo mau ofotokoza. Migodi ya ku Chikuho inatsekedwa yonse pofika 1976, ndipo iye anamwalira mu 1984. Koma mu 2011 UNESCO inalandira zithunzi ndi zolemba zace 697 m'kaundula wa zinthu zimene dziko lonse liyenera kuzikumbukira, zoyamba za ku Japan kulowa m'menemo.

Migodi ya ku Bindura nayonso siidzakhala cikhalire. Mgodi wa nickel wa Trojan, umene unayamba m'zaka za m'ma 1960, unaima mu 2008, nuyambanso mu 2012, ndipo mu 2024 kampani yace inaikidwa m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi boma. Mgodi ukaima komponi ibalalika, ndipo nkhalamba zimene zinaoloka Zambezi zatsala zowerengeka. Izo zisunga nkhani za ulendo wa pansi m'thengo la mikango, za zoletsa za m'mgodi, za anzao amene anatsala pansi, ndi za mizukwa imene amati iyenda m'njira zosiyidwa. Nkhani zimenezi zikangoyenda m'kamwa popanda mwini zikhoza kuiwalika, kapena kusanduka mphekesera zonenera anthu. Zikalembedwa ndi kujambulidwa, ndi dzina la wosimba ndi caka cace, zikhala cuma ca adzukulu.

Mizuki anali ndi nkhalamba imodzi yomsimbira ndi dzanja limodzi lojambulira, ndipo Yamamoto anayamba ndi inki ndi mapepala wamba. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Bindura amene wakonda mabuku a ku Japan waphunzira kale umo tsamba ligawidwira ndi umo coopsa cibisidwira kuseri kwace. Cimene cimtsalira ndi kukhala pansi pafupi ndi agogo ace madzulo, kope ndi pensulo m'manja, ndi kuwapempha kuti ayambe.